Makina Odziwa Polekera

Maimuna anasesa malo amodzimodzi kachitatu. Utuchi unali utatha kale pansi pa chisakasa, tsache linkangokanda dothi, koma kuchoka sanafune, kucheuka sanafunenso. Kumbuyo kwake mwamuna wake Lajabu, kalipentala wa kuseri kwa masitolo a pa Katete, ankatsegula kabokosi kobiriwira mwaulemu ngati munthu amene akumasula mphatso ya apongozi. Pambali pake panaima Ashura, mkazi wake wamng'ono, atagwira kabuku ka Chingelezi.

"Werenga bwinobwino," anatero Lajabu. "Mzungu uja anati zonse zili mmenemo."

M'kabokosimo munali sikuludiraiva ya magetsi. Mzungu wina wa kumishoni, pobwerera kwawo chaka chimenecho cha 1989, anaisiyira Lajabu pothokoza mabokosi amene anamukhomera onyamulira katundu. Mphatsoyo inafika pa nthawi yake. Miyezi iwiri m'mbuyomo Lajabu anagwa panjinga nathyoka mkono wamanja. Chikhakha anachichotsa kuchipatala, koma dzanja linakana kupotokola. Kupala matabwa ankapala, kucheka ankacheka pang'onopang'ono, koma sikuluwu imodzi yokha inkamutulutsa thukuta ndi mawu osayenera munthu wopita kumzikiti.

"Akuti choyamba batire likhute moto," anatero Ashura, chala chikuyenda pamzere.

"Lakhuta. Lagona kusitolo kwa a Yusuf."

"Ndiye mulilowetse kunsi kwa chogwiririra mpaka limveke kuti kha."

Linamveka kuti kha.

"Tsopano nsonga. Pali ya mtanda, pali yafulati. Masikuluwu athuwa ndi a mzere umodzi, ndiye tenganiko yafulatiyi. Mupotokole kukamwa kwake kutseguke, mulowetse, mumange. Kachitsulo kali pamwamba pa bataniko mukakakankhira uku akumanga, mukakakankhira uko akumasula."

"Nanga mphete ya manambalayi?"

Ashura anatembenuza tsamba, nawerenga kanthawi milomo ikugwedera.

"Imeneyo ndiye nzeru yake yonse. Wani mpaka faifi. Nambala yaing'ono, mphamvu yochepa. Sikuluwu ikalowa pokwanira, makina amaleka okha kukankha, amangolira. Thabwa lofewa ndi timasikuluwu tating'ono, thuu. Mlombwa ndi masikuluwu akuluakulu, foro kapena faifi. Mukapitirira faifi pali chithunzi cha chobowolera. Pamenepo akuti saleka ayi. Amangopita, kaya thabwa ling'ambike, kaya mutu wa sikuluwu uduke."

"Ngati anthu ena a pakhomo pano," anatero Lajabu, ndipo Ashura anabisa mano m'kabuku.

"Ndamva," anatero Maimuna osatembenuka.

"Sindinatchule dzina, amake Nasra."

"Dzina n'lachiyani? Muno tilimo atatu, ndipo awiri mukuseka."

Anayesa pa chidutswa cha malaina. Ashura anaika mphete pa thuu, nalunjika nsonga pamutu wa sikuluwu, nadina batani. Makina anati vuuu, sikuluwu inamira ngati chala m'dothi lonyowa, ndipo mutu wake utangofanana ndi thabwa makinawo anakukuta mano, kekekeke, n'kuleka. Lajabu anasisita pamalopo ndi chala chachikulu. Panali posalala.

"Amadziwa polekera," anatero chapansipansi. "Mashallah. Chitsulo, koma chimadziwa."

Apa m'pamene tsache la Maimuna linaima.

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, wodziwa polekera m'chisakasa chimenecho anali iye. Lajabu akamamanga sikuluwu ankafuna manja onse awiri, ndipo thabwa linkafuna woligwira. Maimuna ankaika chikhatho pamenepo, ndipo kudzera m'chikhathomo ankamva thabwa likuuma mtima pang'onopang'ono. Likafika poti lakwana, ankangoti, "Basi," Lajabu n'kuleka. Sanang'ambe thabwa la munthu chiyambire. Inalinso ntchito yake kupaka sopo m'mazinga a sikuluwu iliyonse kuti ilowe mosavuta. Masiku amenewo sopo anali wosowa. Anthu ankagwa pamzere kusitolo ya boma kuyambira m'mawa n'kubwerako ndi dzuwa lokha pamutu. Zovala za ana Maimuna ankachapa ndi madzi a phulusa, koma kachidutswa ka sopo wa masikuluwu kankakhala m'kachitini kakekake, ndipo ngakhale mlendo sankakaona.

Pamene Ashura anabwera pakhomopo zaka zinayi zapitazo, Maimuna sanachite phokoso. Masiku anagawana, ndiwo anagawana, ngakhale chingwe choyanikapo zovala anagawana. Koma benchi silinalowe pa mitala. Benchi linali lake.

Anapachika tsache, natenga kachitini kaja pamtanda wa denga, nakaika pabenchi.

"Sopo uyu."

Lajabu anakayang'ana ngati akuona mnzake wakale amene waiwala dzina lake.

"Sungani, amake Nasra. Mukasambire. Makinawa safuna sopo."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inasintha malo. Popeza makina anali olemera kwa mkono wodwala, Ashura ndiye ankawagwira. Lajabu ankagwira thabwa. Ashura anatenga malo a Lajabu, Lajabu anatenga malo a Maimuna, ndipo Maimuna anatsala ndi tsache. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kamayamba kumeta ndani.

Mbiri inayenda msanga. Anthu odikira basi ya ku Chipata ankapatuka kudzaona mkazi womanga mipando ndi makina onga mfuti. Amayi ogulitsa mtedza pamsewu ankabwera awiriawiri, kuima pakhomo, kugwirana mapewa makina akati kekekeke. Mlimi wina wa ku Mkaika anabweretsa chitseko chabwinobwino kuti angochimasula n'kuchimanganso iye akuona. Lajabu ankafotokozera aliyense za mphete ija ngati anaipanga yekha, ndipo akafika pa manambala ankati, "Funsani mayi uyu, ndiye anapita kusukulu." Ashura ankayankha mofatsa, maso ali pansi. Kufatsa kumeneko n'kumene kunkamutentha Maimuna koposa. Munthu wonyada umatha kumuda ndi mtima woyera.

Kuchisakasa kunalibe magetsi, choncho madzulo aliwonse Ashura ankakulunga batire m'chitenje n'kupita nalo kusitolo kwa a Yusuf kuti likadye moto. Ankalinyamula pachiuno. Maimuna anali ndi ana asanu. Ashura, m'zaka zinayi zonsezo, analibe ndi mmodzi yemwe.

"Umugwire bwino mwanayo," anatero Maimuna tsiku lina akupeta mpunga pakhonde. "Ana opeza mochedwa sachedwa kugwa."

Ashura anaima pang'ono. Anaseka ndi milomo yokha, nasuntha mtolo uja kuchoka pachiuno kuuika pamutu, napitirira. Mawuwo analowa bwino, Maimuna anamva. Analowa mpaka mutu, ngati sikuluwu. Koma mpunga wa tsiku limenelo sunamukomere.

Pakona ya chisakasa panaima kabati ya mlombwa, yofundidwa ndi masaka. Inali ya Nasra, mwana woyamba wa Maimuna, amene ankakwatiwa mwezi womwewo ndi mnyamata wa sitolo ku Sinda. Lajabu anaiyamba asanagwe panjinga, ndipo thabwa lililonse la kabatiyo linadutsa pansi pa chikhatho cha Maimuna. Chinatsala chinali galasi la pachitseko. Galasi limenelo Maimuna anakalitenga yekha ku Chipata, atalikulunga m'bulangete, nalifungata pamiyendo m'basi njira yonse, akukangana ndi kondakitala amene ankafuna kulikweza pamwamba pamodzi ndi nkhuku. Lina longa ilo m'tauni monse munalibe. Linkayembekezera Lolemba kuti alimange kuseri kwa chitseko ndi timatabwa tinayi topyapyala ndi timasikuluwu tisanu n'titatu.

"Galasi lokhalo timange ndi manja," Maimuna anauza mwamuna wake. "Monga kale."

"Manja ake ati?" anafunsa Lajabu, akukweza mkono wake wowonda uja. "Tidzaona Lolembalo."

Lachisanu dzuwa litafika pamutu, Lajabu anasamba, navala mkanjo woyera kuti apite kumzikiti. Pabenchi panali timipando ta malaina ta ana a sukulu ya a Edina, mphunzitsi wa pafupi ndi msika, tosamaliza.

"Ndasiya pa thuu," anatero Ashura, akugoneka makina pambali pa timipandoto. "Mukabwera timalize."

Linali tsiku lake lophika, ndipo analowa kukhitchini kuseri kwa nyumba. Msewu unachita zii monga umachitira Lachisanu masitolo akatsekedwa. Maimuna anatsala yekha ndi tsache lake.

Sanaganize nthawi yaitali. Kapena tinene kuti anali ataganiza kale milungu iwiri yathunthu, ndipo masanawo panalibenso chotsala choti aganize. Anawanyamula makinawo. Aka kanali koyamba kuwakhudza. Anali olemera kuposa mmene ankaonekera m'manja mwa Ashura, ndipo chogwiririra chake chinkanunkhira mafuta odzola a Ashura. Manambala a pamphete anali aang'ono ngati nyerere, akuda pa chakuda, ndipo maso ake sankaonanso zapafupi. Koma makutu ake anali atasunga zonse za tsiku loyamba lija. Anapotokola mphete. Inati kha, kha, kha, kenako inauma. Anaigwira ndi nsonga ya chitenje, nakakamiza ndi mphamvu zonse, ndipo inati khaa, n'kukana kupitirira. Anakankha batani pang'ono. Makina analumpha m'dzanja ngati nkhuku yodulidwa mutu.

Anawagoneka mmene analili, nsonga kuloza kumsewu.

Matabwa awiri kapena atatu a malaina, basi, anadziuza. Malaina ndi mtengo wopezeka paliponse. Ang'ambike awiri, Lajabu aone kuti sukulu siigwira thabwa, ndipo akumbukire amene ankati "Basi". Panalibe womwalira pa nkhani imeneyi.

Anasesa pakhomo ponse mpaka kumsewu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'milungu iwiri anaimba kanyimbo.

Lajabu sanabwerere yekha. Anali ndi a Abudala, malume ake a mkwati, mwamuna wamimba yaikulu ndi mawu okoma amene anabwera kuchokera ku Sinda kudzaswali kumzikiti wa ku Katete. Kumbuyo kwawo kunkabwera lole yopanda katundu, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotsatira mwini, ndipo woyendetsa wake, Goodson, anatulutsa mutu pawindo.

"Amake Nasra, yalani mphasa!" anaitana Lajabu ali patali. "Mwayi wagwa. A Goodson atsitsa thonje, akubwerera ku Sinda opanda kanthu. Kabati ipita lero."

"Lero?" anatero Maimuna. "Galasi silinamangidwe."

"Ndi ntchito ya mphindi zingati imeneyo? Kale inde. Masiku ano timamanga tiyi asanazizire."

"Ine folo koloko ndanyamuka, amayi," anatero Goodson akudumpha pansi. "Bwana wanga saseka ndi munthu. Akaona lole yachedwa amayesa ndakwatira panjira."

"Kodi simunakwatire panjira kale?" anafunsa a Abudala, ndipo amuna onse atatu anaseka.

Maimuna anapereka moni kwa mlendo atagwada, mawu onse m'malo mwake. Koma maganizo ake onse anali pa mphete ija. Anaona amunawo akuvundukula masaka, akumasula chitseko cha kabati n'kuchigoneka chafufumimba pabenchi, akusuntha timipando ta a Edina kutiika pansi. Anaona Lajabu akutulutsa galasi m'bulangete lija, nalilowetsa m'malo mwake mosamala, naika timatabwa tinayi m'mbali mwake. A Abudala ankasisita mlombwa n'kumagwedeza mutu.

"Mtsikana wathu akulowa m'nyumba ngati mwana wa munthu," anatero. "Nanga makina otchuka aja ali kuti? Ku Sinda akuti amalankhula."

Lajabu anawanyamula yekha. Pamaso pa achibale a mkwati sakanalola kuti mkazi amange iye atagwira thabwa.

"Ashura!" anaitana. "Mphete ili pati?"

Ashura anatulukira pakona ya nyumba atanyamula thireyi ya tiyi.

"Pa thuu. Ndinasiya pa thuu."

"Ndi yomweyo. Timasikuluwu take n'timodzimodzi." Anatembenukira kwa a Abudala osayang'ana n'komwe mpheteyo. "Muone tsopano. Galasi ndi chinthu chamantha. Ukalipanikiza pang'ono chabe, latha. Koma awa amaleka okha."

Maimuna anaima pafupi ndi mzati. Zonse anaziona zisanachitike: kasikuluwu kakumira, kathabwa kakuluma m'mphepete mwa galasi, mng'alu ukuthamanga kuchokera pakona kukafika pakona. Ndipo anaonanso china. Ashura anali atanena ndi pakamwa pake, pamaso pa mlendo, kuti pa thuu. Galasi likasweka, Ashura sadzapondanso m'chisakasa chimenecho mpaka tsitsi lake lidzachite imvi. Chimene Maimuna ankafuna chinali chitabwera chokha, chachikulu kuposa mmene anachipemphera. Iye ankangofunika kutseka pakamwa.

Anatseka. Kwa mpweya umodzi wathunthu, nsonga ikutsikira pamutu wa kasikuluwu koyamba, anatseka, ndipo anamva kukoma kwake. Kenako miyendo yake inakumbukira kulemera kwa galasilo m'basi ya ku Chipata, ndi mmene Nasra anadziyang'anira m'menemo tsiku limene linafika, akukonza duku, osadziwa kuti mayi ake akumuona.

"Imani!"

Chala cha Lajabu chinachoka pabatani. Onse anamuyang'ana.

"Sopo," anatero Maimuna. Anali mawu okhawo amene anapezeka pafupi. "Timasikuluwu tating'ono mu mlombwa timaduka mutu popanda sopo."

"Amake Nasra, ndinakuuzani kale kuti..."

"Ayi, amayiwa akunena zoona," analowerera a Abudala. "Bambo anga ankatero. Ndipo ndi kabati ya mwana wawo. Alekeni adalitse ndi dzanja lawo."

Lajabu anapumira m'mwamba, nagoneka makina pabenchi, nalandira kapu ya tiyi. Maimuna anatsitsa kachitini kake. Atakatsegula, Goodson anasuzumira ngati waona golide.

"Sopo weniweni! Amayi, mumupaka zitsulo? Ine mkazi wanga akanandimanga nazo miyendo."

"Wa ku Malawi uyu," anatero a Abudala atanunkhiza. "Amalowera ku Vubwi panjinga. Mnyamata wina anamanga mipiringidzo sikisi m'mimba, ati akuthawa apolisi, mvula n'kumupeza panjira. Anafika kwawo akuchita thovu ngati mowa."

Amuna akuseka, Maimuna anapaka timasikuluwu tonse tisanu n'titatu mofulumira, natindandalika pathabwa. Kenako anatambasula dzanja ngati akungosuntha makina kuti apeze malo. Anawatembenuzira kumimba kwake, msana kwa alendo, nagwira mphete.

Inaterereka.

Anagwiranso. Zala zake zinali sopo yekhayekha, ndipo mpheteyo inali itauma pamalo omaliza paja pamene anaikakamiza. Inkangodutsa m'zala ngati mlamba. Anapukuta dzanja pachitenje, nayesanso, koma tsopano sopo anali atapakika pamphete pomwepo. Kumbuyo kwake Lajabu ankamaliza tiyi, ndipo anamva kapu ikugunda pasosala.

Atadzutsa maso anapeza Ashura ali pambali pake, thireyi yopanda kanthu m'manja. Mtsikanayo sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana mphete, pamene kamuvi kanaloza chithunzi cha chobowolera. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako timipando ta a Edina pansi, kenako galasi. Maimuna anaona nkhani yonse ikulowa m'mutu mwa mnzakeyo mzere ndi mzere, monga ankawerengera kabuku kaja.

M'zaka zinayi Maimuna anali asanamupemphepo kanthu, ngakhale mchere.

"Bweza," ananong'ona.

Ashura anaika thireyi pansi. Analandira makina, napukuta mphete ndi nsonga youma ya chitenje chake, naigwira molimba. Khaa. Kha. Kha. Kha.

M'chisakasa mopanda makoma mawu a chitsulo sabisika. Lajabu anatembenuka.

"Mukuchita nayo chiyani mphete? Si unati ili pa thuu?"

Maimuna anayang'ana pansi. Panali poyera kwambiri, pansi pamene anasesa yekha, popanda ngakhale kachidutswa koti maso abisalepo. Anadikira. Choipa chitsata mwini, ndipo chake chinali chitafika, chavula nsapato, chakhala pamphasa pamodzi ndi alendo.

"Inali pa chobowolera," anatero Ashura. Mawu ake anali osalala. "M'mawa ndinabowola mwendo wa mpando, ndiye ndinaiwala kubweza. Akuluwa ndiwo aona."

Lajabu anayang'ana galasi, nayang'ana mkono wake, ndipo manyazi a mwamuna amene watsala pang'ono kuswa katundu pamaso pa achibale a mkwati anasanduka mkwiyo, monga amachitira.

"Kuiwala? Ndikufunsa pamaso pa anthu, iwe n'kuyankha ngati wayang'ana? Sukulu yakoyo inakuphunzitsa kuwerenga, koma kusamala ayi. Choka apo."

Ashura anatola thireyi, nakaima pamzati pamene Maimuna ankaima.

"Mwaonatu, a Lajabu," anatero a Abudala akupukusa mutu. "Mkazi wamkulu ndi diso la nyumba. Zatsopanozi n'zabwino, koma diso lakale musamaliike kukhonde."

"Amake Nasra," anatero Lajabu, mawu atafewa mmene anali asanafewere chigwereni panjinga, "bwerani mugwire galasi la mwana wanu."

Maimuna anapita. Anaika chikhatho pa kathabwa koyamba, pamalo ake akale, phewa lake likukhudza phewa la mwamuna wake. Makina anati vuuu. Kudzera m'chikhatho anamva mlombwa ukulandira kasikuluwu, ukuuma mtima pang'onopang'ono, ukufika. Mawu aja anakwera okha kukhosi. Asanatuluke, makina anati kekekeke, n'kuleka. Pamalo pomwepo, osapitirira ndi tsitsi limodzi lomwe. Anatero kasanu n'katatu, ndipo kasanu n'katatu Maimuna anameza "Basi" wake.

Ataimika chitseko kuti achibwezere pa kabati, galasi linatenga chisakasa chonse: amuna atatu akumwetulira, Maimuna pakati pawo, ndipo kumbuyo, kakang'ono pamzati, Ashura atafungata thireyi pachifuwa.

Folo koloko isanakwane kabati inali itagona pamatiresi m'lole, itamangidwa ndi zingwe. Lajabu anakwera nawo kuti akaitsitse bwino ku Sinda. Asanakwere anatola kachitini ka sopo, nakatseka, nakaika yekha pabenchi pafupi ndi kabokosi kobiriwira.

"Kazikhala pano," anatero. "Ndipo mawa timipandoti mudzandigwirire ndinu."

Fumbi la lole litatha, akazi awiriwo anatsala okha. Ashura anachotsa nsonga kukamwa kwa makina, naipukuta, naibwezera m'malo mwake. Anasolola batire, nayala chitenje pabenchi. Maimuna anamuyang'ana akuchita zonsezi. Benchi linali litabwerera kwa mwini wake. Ankayembekezera kuti amva kukoma, koma zinali ngati kuvala diresi lako lomwe mnzako wakubwereka.

"Unanamiranji?" anafunsa.

Ashura sanadzutse mutu.

"Sindinachitire inu, Akulu."

"Nanga ndani?"

"Nasra. A Abudala pakamwa pawo mukupadziwa. Mawa Sinda yense akanadziwa kuti mtsikanayo akuchokera pakhomo pamene amayi ake amatcherana misampha. Akanalowa nazo m'banja zimenezo." Anapinda chitenje mbali imodzi, kenako inayo. "Tsitsi lake ndimaluka ndine. Amandiuza zimene amaopa."

Maimuna sankadziwa kuti Nasra ali ndi zimene amaopa. Sankadziwanso kuti amaziuza munthu. Nsanje imene ankayesa yagona inadzuka m'chifuwa mwake, yathanzi ngati kale, itangopeza msipu watsopano.

Ashura anamanga mfundo, nanyamula mtolo uja. Anayamba kuukweza pamutu, kenako anasintha maganizo, nauika pachiuno, nayang'ana Maimuna m'maso.

Mawu analipo. Anali okonzeka kale, opakidwa sopo, ndipo Maimuna ankadziwa pamalo penipeni pofewa pamene akanalowera: za anthu amene amaluka tsitsi la ana a anzawo. Anawamva akuzungulira, akutsika, akufika pa lilime. Nsagwada zake zinagwirana. Mano anakhudzana kamodzi, kawiri.

"Basi," anatero chapansipansi.

"Mwati chiyani, Akulu?"

"Ndati fulumira. A Yusuf angatseke."

Ashura anatuluka. Maimuna anaima pabenchi lake, chikhatho chili pathabwa lozizira, akumuona akudutsa pakati pa amayi ogulitsa mtedza, batire pachiuno, khosi lili chilili, osacheuka. Ngakhale kayendedwe kameneko Maimuna anakasirira.